Phewa la a Zakeyu

Zikomo a pampando pondipatsa mpata. Ndiyankhula chiimirire, chifukwa ndikakhala pansi ndimatalikitsa nkhani. Amene simundidziwa, ine ndine Lafayelo, wa kumtunda kwa Ligowe kuno ku Neno, mlimi wa kachewere ndi manachesi. Achikulire muli kumbuyoko mukudziwanso dzina lina limene ndinkatchuka nalo, lija la Chiwaya. Musaweramitse nkhope, dzinalo ndinalipala ndekha. Ndabwera kudzakuuzani mmene ndinalitolera ndi mmene ndinalitulira, chifukwa ndikuona nkhope zina muno zimene zayamba kale kuitanidwa kuseri kwa magolosale ndi anthu a mimba zazikulu. Sinditchula munthu, koma mwini wake akudzimva.

Pamene othawa nkhondo a ku Mozambiki anadzaza kukampu ya ku Luwani, ine zanga zinkayenda. Ndinali ndi njinga. Ndinkatsitsa kachewere ndi manachesi kupita kukampu, pobwerera n'kutengako nyemba ndi mafuta ophikira zokagulitsa m'midzi. Nkhondo itatha kwawoko, malole anabwera kudzawatenga anthu aja, ndipo bizinesi yanga inakwera nawo malole omwewo. Nthawi yake ndi yomwe ija ya referendamu, kenaka zipani zambiri. Aliyense ankaimba za ufulu. Ine ufulu wanga ndinakaumvera pa kachasu. Njinga ndinagulitsa n'kumwera, wailesi chimodzimodzi. Kuchikamwini anapirira nyengo imodzi ya mvula, kenaka anandimangira zovala m'thumba la feteleza n'kundisonyeza njira. Ndinabwerera kwa amayi anga, a Nachisale, munthu wamkulu ndi ndevu zake kukadya za mayi wamasiye.

Masiku amenewo mfuti sizinkasowa m'malire muno. Nkhondo inatha koma mfuti sizinathe. Zinkaoloka zitakulungidwa m'mphasa kapena zitabisidwa pansi pa makala, ndipo munthu ankatha kusinthanitsa ndi thumba la chimanga. Pa kachasu pomwepo ndinadziwana ndi Zuze, mkulu wina amene anatsalira anzake atabwerera kwawo. Anali atamenyapo nkhondo, munthu wa mawu ochepa. Iyeyo ndiye anandiuza kuti bwana wake akufuna munthu wodziwa njira za m'mapiri muno.

Bwanayo dzina lake lenileni sinditchula. Anthu ankangoti a Matayala, chifukwa cha malole awo. Anali ndi esiteti, chigayo, ndi ng'ombe zodzaza makola awiri. Ndiye anatulukira ndi pepala, kaya analipeza bwanji, lonena kuti phiri lonse mpaka kumtsinje ndi malo awo. Koma m'malo amenewo munali minda ya anthu a m'mudzi mwathu, munali madimba athu, munalinso manda athu.

Tsono abale anga, ntchito imene ndinalowayo si yachilendo m'dziko muno. Makolo athu ankasimba za thangata, kuti mzungu wa esiteti sankagwetsa yekha nyumba ya munthu wokana kumulimira. Ankatuma kapitawo, munthu wakuda, mwana wa m'mudzi momwemo, atanyamula chikoti. Mzungu anapita, anabwera wolemera wathu wathu. Chikoti chinapita, inabwera mfuti. Koma wotumidwa ndi yemwe uja, mwana wa m'mudzi wa njala m'mimba. Mwini malo sadetsa manja, amalemba ganyu manja a ena.

A Matayala anandiyamba bwino, ngati mlonda wa khola basi. Anandipatsa jombo, jekete, ndi chipewa chachikopa chachikulu ngati lichero. Chipewa chimenecho muchisunge m'mutu, chibweranso m'nkhaniyi. Kuyambira tsiku limene ndinachivala, sindinavulirenso munthu chipewa. Kaya ndi mkulu wa mpingo, kaya ndi malume anga, ndinkadutsa chili pamutu neng'a. Patapita mwezi Zuze anandiphunzitsa kumasula ndi kumanga mfuti. Patapita miyezi iwiri inali paphewa panga. Paja galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ine ndinadziona mfumu.

Kagwiridwe kathu ka ntchito kanali kotere: sitinkathamangira kupha, tinkatopetsa. Anthu akapita kumsika kapena kutchalitchi, ife tinkazula nkhadze za m'malire a minda n'kukhoma mitengo ya waya kutsogolo pang'ono. Mwezi wamawa kutsogolonso pang'ono. Chimanga chikangomasula, tinkatsekula khola n'kulowetsamo ng'ombe. Mbuzi ya munthu ikadumpha waya, imeneyo inali ndiwo yathu. Wolimbalimba tinkamuotchera nkhokwe. Anthu akasonkhana kuti adandaule, ndinkangoombera m'mwamba kawiri katatu, onse balala. Dzina la Chiwaya, lija la mfuti yolira motsatizana, linachokera pamenepo. Nthawi zina tinkapita kumidzi yakutali kukakusa ng'ombe za eni ake mpaka pamene lole ya bwana inkadikira, ndipo bwana ankati wagula. Tisanapite kulikonse, botolo la kachasu ndi ndudu ya chamba zinkayamba zatsogola. Polisi inali kutali, misewu yathu mukuidziwa, ndipo munthu wofuna kukanena ankayamba waganizira nkhokwe yake.

M'mudzi mwathu munali mkulu wina, a Zakeyu. Iwowa anali mkulu wa adzukulu, anthu aja okumba manda. Manda a bambo anga anakumbitsa ndi iwo, ine ndili wamng'ono. Tsiku lina anatipeza tikudutsitsa waya pakati pa dimba lawo. Sanatukwane. Anangogwira mtengo umene tinali kukhomawo ndi manja awiri n'kunena kuti dimbalo analimamo amayi awo. Ndinawauza kuti asiye. Sanasiye. Ndinatembenuza mfuti n'kuwamenya ndi mbali ya thabwa ija paphewa lakumanja. Ndinamva fupa likuthyoka, ndipo mpaka lero ndikamathyola nkhuni youma ndimalimva. Anagona kuchipatala, fupa linalumikizana, koma linalumikizana mokhota. Kuyambira pamenepo phewa lawo linapendekera pansi, khasu sankalikweza bwino.

Mukudziwa chimene ndinachita sabata yomweyo? Ndinatenga mwendo wa ng'ombe yakuba n'kupita nawo kwa amayi, ati kukawasangalatsa. Ndinawapeza pakhonde akutong'ola chimanga. Sanatambasule manja kuti alandire, sanandipatsenso mpando. Anayang'ana nyamayo, n'kuyang'ana chipewa changa, kenaka anati:

“Lafayelo, wathyola phewa la munthu wokumba manda. Ine ndikadzafa, nyama imeneyi ndiyo idzandikumbire? Kapena adzabwera ndi bwana wakoyo ndi khasu?”

Ndinaseka. Ndinawauza kuti za imfa azisiye, akadali olimba. Anandiuza kuti malo awo anawasankha kale, pafupi ndi amayi awo, pansi pa mtengo wa msuku, ndipo chimene akupempha kwa ine pa dziko lino n'chimodzi chokha, kuti adzagone pamenepo ataperekezedwa ndi anthu, osati kukokedwa ngati galu. Nyama ija ndinabwerera nayo. Ndinapsa mtima, ndinakamwa, koma mawu aja sanatsike ndi kachasu.

Tsopano ndichepetse liwiro, chifukwa ndafika pa tsiku lenileni.

Mlandu wa malowo unali utafika kwa akuluakulu a boma, ndipo kunamveka kuti abwera kudzaona ndi maso. A Matayala ankanena kuti m'nkhalango imene timaikamo maliro mulibe manda, ndi tchire chabe, miunda yakale ya chinangwa. Manda akale ungathe kuwakana, mitumbira imaphwa, udzu n'kumera. Koma manda atsopano, dothi lofiira lili poyera ndi nkhata zamaluwa pamwamba, palibe pepala lingawafafanize. Ndiye m'masiku omwewo kunamwalira mayi wina wa m'mudzi mwathu, mai Esinati, woumba mbiya, mnzawo wa amayi anga. Adzukulu analowa m'mandamo m'mamawa kudzera cha kumtsinje, nakumba. Bwana atamva, anatiitana ine ndi Zuze. Anatiuza kuti malirowo asadutse pa waya, akaike kwina kulikonse.

“Akakakamira, ombera m'mwamba,” anatero. “Akapitiriza, ombera m'miyendo. Zotsala ndi zanga.”

Njira ya kumanda inali imodzi yodutsika ndi bokosi, ndipo waya wathu unali utaidula, kungotsala mpata wodutsira ng'ombe. Ine ndinaima pakati pa mpatawo. Zuze anakwera pachulu chapamtunda pang'ono. Dzuwa linali litapendeka pang'ono, kukutentha, kachasu amene ndinamwa m'mawa uja atayamba kutha mphamvu. Ndinkadziuza kuti ndi ntchito ngati ntchito ina iliyonse, ndiombera kawiri, abalalika, basi.

Kenaka ndinamva nyimbo. Inayambira kutali, kutsidya kwa khwawa, mawu a amayi a mpingo akukwera ndi kutsika. Inkabwera pang'onopang'ono, mmene amayendera maliro. Ndinaona amuna kutsogolo, bokosi lili pa machira, amayi pambuyo, mudzi wonse. Anandiona ndithu, chipewa changa chinkaonekera patali. Sanaime, anangochepetsa mapazi. Mfuti inali paphewa langa lakumanja, pa lamba wake. Ndinadziwa kuti nthawi yoitsitsa m'manja ndi imeneyi.

Abale anga, kuno kwathu mwana amaphunzira zinthu zina asanadziwe n'komwe kuti akuphunzira. Maliro akamadutsa, wa panjinga amatsika, wa m'munda amaika khasu pansi, wa chipewa amavula, ndipo aliyense amapatuka panjira. Amayi anga anandiphunzitsa zimenezo ndi khofi m'khutu ndili wamng'ono. Ine sindinaganize kanthu, sindinalape, sindinapemphere, ndisakunamizeni. Dzanja limene linayenera kupita ku mfuti linapita lokha kumutu. Pozindikira, ndinali nditaima m'udzu pambali pa njira, chipewa chija chili pachifuwa. Chipewa chimene sindinavulirepo munthu wamoyo ndinavulira mai Esinati ali m'bokosi, ndipo mpata uja unali pululu.

Ndinachita manyazi, ndipo ndinkafuna kubwerera panjira. Koma bokosi linali litafika kale. Ndipo amene anasenza kutsogolo, mbali yanga, anali a Zakeyu. Anapinda kansalu n'kuika paphewa lokhota lija, koma machira ankapendekerabe mbali yawo. Thukuta linali chuchuchu, mano ataluma. Mukudziwa mwambo wake: onyamula amalandirana, ndipo mwamuna aliyense amene waima m'mbali mwa njira akapatsidwa mtengo sakana. Atafika pamene ndinaima, anatembenuza nkhope n'kundiyang'ana m'maso. Sananditchule Chiwaya.

“Landira, Lafayelo,” anatero, motsitsa mawu. “Phewa langali sililimba. Iwe ukudziwa.”

Mtengo wa machirawo unayenera kukhala paphewa lakumanja, ndipo paphewa lakumanja panali lamba wa mfuti. Zinthu ziwirizo sizikanakwanirana pamalo amodzi. Bokosi linali likupendekera, anthu onse maso ali pa ine, nyimbo ikupitirira. Ndinavula mfuti ija n'kuigoneka m'udzu, chipewa n'kuika pamwamba pake. Ndinalowetsa phewa pansi pa mtengo, a Zakeyu anatulutsa lawo, ndipo ndinadutsa ndi maliro pa mpata umene ndinatumidwa kudzatseka.

Nditacheukira kuchulu, mtima uli m'mwamba kuti mwina chipolopolo chindipeza kumsana, ndinaona Zuze atakhala pansi, mfuti ili pamiyendo, kapusi yake ili m'manja. Kwawo nakonso amaika maliro.

Mai Esinati anali wochepa thupi, koma mtengo uja unandiluma pafupa lomwe lija ndinathyola mwa mnzanga. Pa mwambo wake, munthu umangoyenda pang'ono wina n'kukulandira. Kumbali zina zonse ankalandirana. Kumbali yanga palibe anabwera. Kuchokera pa waya mpaka pa dzenje ndi mtunda ndithu, chokwera, ndipo ndinausenza ndekha. Sindikuwadandaula, ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi. Pofika pa manda malaya anali atamatirira pakhungu, phewa litasupuka, kachasu yense atatuluka ndi thukuta. Ndinaona mtumbira wa bambo anga, ndinaona mtengo wa msuku uja ndi malo opanda kanthu pansi pake. Pamenepo ndiye ndinalira, ndipo sindinkalira mai Esinati. Amayi anga anali m'gulu la amayi oimba. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Titabwerako kumanda, mkulu wina wa mpingo anali atatola kale mfuti ija n'kuikulunga m'chitenje cha mkazi wake. Anandifunsa kuti aipereke kwa ine kapena aiperekeze kupolisi. Ndinamuuza kuti atiperekeze tonse awiri, mfuti ndi mwini wake. M'mawa mwake tinayenda wapansi mpaka pa Boma. Zuze anaoloka malire sabata yomweyo, sindinamuonenso.

Nthawi imeneyo Neno inali pansi pa Mwanza, choncho mlandu unakazengedwa kumeneko. Ndinaulula zonse, nkhokwe, ng'ombe, waya, phewa la a Zakeyu. A Matayala anabwera atavala suti, ndi loya wawo. Atafunsidwa za ine, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti anandilembapo ulonda wa khola, koma za mfuti akuzimvera pomwepo, ndipo ngati ndinkaba, ndinkaba za mimba yanga. Munthu amene anati zotsala ndi zake! Iwo anakwera galimoto kubwerera kuesiteti, ine ndinakwera ina kupita kundende. Ndikufuna mumvetse bwino pamenepa, inu amene mukuitanidwa kuseri kwa magolosale: pa pepala la bwana palibe dzina lanu, dzina lanu lili pa pepala la mlandu.

Akuluakulu a boma aja anabweradi, napeza mtumbira wa mai Esinati dothi likadali lofiira. Waya unabwezedwa m'mbuyo, manda ndi madimba zinatsala m'manja mwa mudzi. Minda ina ya kumtunda inapita ndithu, ndipo ina mwa imeneyo ndinaikhomera waya ndi manja angawa.

Za kundende sindikometsera. Zaka zinayi. Tinkagona chokhala, mawondo pachifuwa, msana wa mnzako uli pamawondo ako. Nsabwe, mphere, nandolo wofumbwa kamodzi pa tsiku. Miyezi yoyamba thupi linkanjenjemera kufuna kachasu, ndinkaona zinthu pakhoma. Anzanga a pa botolo palibe anabwera. Bwana ndiye musafunse. Anabwera ndi amayi anga okha, kamodzi, atamanga mbatata yootcha pansalu. Za kukhululuka sanatchule. Anangondiuza kuti msuku uja ukubereka, ndipo miyendo yawo yayamba kutupa. Ndinamva chimene ankatanthauza.

Kundende komweko ndinapempha kuti ndizigwira ntchito kudimba, ndipo mkaidi wina wachikulire anandiphunzitsa kumezanitsa mitengo ya zipatso. Manachesi amene ena mwa inu mumagula kwa ine pamsika anachokera pa mpeni wa mkulu ameneyo. Ndinayambanso kupemphera, poyamba chifukwa kumapemphero kunali mpata wotambasula miyendo, kenaka chifukwa ndinkafunadi.

Nditatuluka, anthu ena anandilangiza kuti ndipite ku Blantyre kumene sandidziwa. Ndinakana. Kumene unanyera ndi komwe umakafotsera, pepani amayi muli muno. Ndinabwerera m'mudzi momwemo. Moni ndinkapereka, wobweza anali mmodzimmodzi. Choyamba ndinasintha njira. Yodutsa kwa ophika kachasu ndinaisiya, ndinkazungulira cha kudambo ngakhale kunali kutali, chifukwa ndinkadzidziwa kuti mphuno yanga ndi yofooka kuposa miyendo. Kenaka ndinayendera khomo lililonse limene ndinaliotchera nkhokwe, ndili ndi mkulu wa mpingo uja ngati mboni. Sindinkapita ndi mawu okha, ndinkapita ndi nsungwi pamutu. Ena anandilola kuluka nkhokwe yatsopano, ena anandithamangitsa ndi nsungwi zanga zomwe. Nkhadze za m'malire ndinabzalanso mmene ndinkakumbukira. Kwa a Zakeyu ndinapita kukagwada. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kungoti amva. Mawa lake ndinalawirira kudimba kwawo ndi khasu, popeza iwo sankathanso kugaula. Sanandithamangitse, sanandithokozenso. Ndinalima dimba limenelo nyengo ziwiri tisanachezepo nkhani yoposa moni.

Ndipo maliro aliwonse ndinkapita. Zaka zimenezo maliro anali ambiri, achikulire mukukumbuka matenda aja mmene anatipululira. Adzukulu sankandipatsa khasu. Ndikayandikira pa machira, mwamuna wina ankalowa patsogolo panga. Ndiye ndinkawaza nkhuni, kutunga madzi, kunyamula mabenchi a kutchalitchi. Maliro n'kulirana, ndipo ine ndinali ndi zaka zambiri zimene sindinalire nawo anzanga.

M'chaka chachiwiri chibwerere, amayi anga anamwalira, m'nyengo ya masika. Uthenga unaperekedwa monga mwa mwambo, masamba anaikidwa pamsewu, amayi a mpingo anabwera. Koma amuna anali apo ndi apo. Ndinamva ndi makutu anga wina akunena kuseri kwa nyumba kuti mwana wawo anatchinga manda ndi waya, ndiye akaitane lole ya bwana wake idzakumbe. Ndipo sananame. Mantha amene ndinali nawo tsiku limenelo sindinakhalepo nawo, ngakhale kukhoti. Mwana sakumba manda a mayi wake. Adzukulu akakana, ndiye kuti chinthu chimodzi chokha chimene amayi anandipempha chalephereka, ndipo chalephereka chifukwa cha ine. A Zakeyu sanaoneke pasiwa, ndipo palibe amene ankadziwa maganizo awo.

Kutacha, dzuwa lisanatuluke bwino, ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa khola la mbuzi, kumene kumaonekera nkhalango ya kumanda. Kunali zii. Ndinaima pamenepo mpaka mame ananyowetsa mapazi. Kenaka ndinamva khasu. Limodzi lokha, likugunda mofooka, n'kupumira, n'kugundanso. Munthu wokumba motero m'mudzi monse anali mmodzi. Patapita kanthawi linalowa lachiwiri, kenaka lachitatu, kenaka sindinathenso kuwerenga. Ndinamva pambuyo pake kuti a Zakeyu sanakakamize munthu. Anangotenga khasu lawo n'kudutsa pakati pa mudzi, ndipo amuna atawaona mkulu wa phewa lokhota akupita yekha kukakumba, manyazi anawadzutsa.

Nthawi yonyamula itakwana, bokosi litaikidwa pa machira, ndinathamangira kutsogolo kuti ndisenze. Ndinkaganiza kuti mwina palibe adzafune, ndiye bola ndiyambe ine. Dzanja linandigwira pamkono. Anali a Zakeyu, dothi lofiira lili m'miyendo, kansalu kaja atakapinda kale paphewa.

“Lero si tsiku lako losenza,” anatero. “Unasenza kale, tinakuona. Pita pambuyo ukalire amako. Tikunyamulira ndife.”

Analowetsa phewa lomwe lija pansi pa mtengo. Sanayende nawo mtunda wautali, mwamuna wina anawalandira msanga, winanso n'kulandira ameneyo, mpaka kumanda osasowa phewa. Ine ndinayenda pambuyo, manja ali kumsana, ndikulira ngati mwana. Amayi anga agona pansi pa msuku, pafupi ndi amayi awo, ndipo anaperekezedwa ndi mudzi wonse.

Maliro otsatira, a Zakeyu anandiponyera khasu, ndipo ndinalowa m'dzenje. Mpaka lero ndine mdzukulu. A Zakeyu atatisiya, amene anayamba kugunda nthaka ndine. A Matayala nawonso anamwalira, ndinamva kuti anaikidwa m'tauni, bokosi lokongola, lonyamulidwa pa galimoto. Zimenezo ndi zawo.

Tsono inu achimwene anga, sindinabwere kudzakuopsezani. Ndikudziwa njala, ndikudziwa mmene jombo zatsopano zimakomera kuphazi losweka. Koma munthu akakuitanani kuti mukazule malire a mnzanu, mukakuse ng'ombe za eni, kapena mukaopseze anthu pa msonkhano, muyambe mwadzifunsa kuti tsiku la amayi anu adzagwire khasu ndani. Amene mukutumidwa kukamumenyayo ndi yemweyo. Ine ndinachita mwayi, ndinathyola phewa la munthu wa mtima waukulu kuposa wanga. Mwayi wotero musauwerengere, sugwa kawiri.

Ngati alipo muno amene ali ndi chitsulo chobisa kudenga kapena pansi pa nkhokwe, asaimike dzanja, anthu angamuone. Andipeze panja tikamatuluka, ndikhala pafupi ndi njinga yanga, ya dengu la manachesi. Njira ya kupolisi ndikuidziwa, mawu oyambira ndikuwadziwa, ndipo ndimuperekeza mpaka pakhomo monga mkulu wa mpingo uja anandiperekezera ine. Akapita kundende ndidzamuyendera, akatuluka ndidzamuphunzitsa kumezanitsa mitengo. Katundu ameneyo ndi wolemera, musasenze nokha. Phewa langa lakumanja likadali lolimba, ndipo palibenso lamba. Bwerani ndikulandireni.